Ana a ku China ophunzira sekondale kunja kwa dziko lawo

Ana a ku China ophunzira sekondale kunja ndi anyamata ndi atsikana, kawirikawiri a zaka za pakati pa 14 ndi 18, amene amatumizidwa ku maiko ena kukachita maphunziro a sekondale makolo awo atatsala ku China. M'Chitchaina amatchedwa xiao liuxuesheng, kutanthauza "ophunzira aang'ono a kunja", powasiyanitsa ndi akuluakulu opita ku yunivesite. Ku America anapatsidwa dzina lakuti parachute kids, lomwe ndi fanizo la mwana amene watsitsidwa kuchokera m'ndege n'kusiyidwa yekha pamalo achilendo. Ambiri amapita ku America, Britain, Canada, Australia, New Zealand ndi Singapore. Pafupifupi onse amalipiriridwa ndi mabanja awo, ndipo chimene mabanjawo amafuna kwenikweni ndi chakuti mwanayo akamaliza sekondale apeze malo pa yunivesite yabwino ya m'dziko lomwelo.

Mbiri

Gulu loyamba lodziwika bwino la ana otere linatumizidwa ndi boma la mafumu a Qing. Amene anabweretsa ganizoli ndi Yung Wing, Mtchaina woyamba kumaliza maphunziro pa yunivesite ya ku America, yemwe analandira digiri yake ku Yale mu 1854. Kuyambira mu 1872 mpaka 1875 boma linatumiza anyamata 120 m'magulu anayi a ana 30, ambiri a iwo ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 16. Likulu la ntchitoyi linali ku Hartford, ndipo anyamatawo anagawidwa kukakhala m'mabanja a ku Connecticut ndi Massachusetts. Pangano linali lakuti akhale zaka 15. Koma akuluakulu owayang'anira anayamba kudandaula kuti anawo akuiwala Chitchaina, akuvala ngati Azungu, akukonda masewera a baseball, ndipo ena alowa Chikhristu. Boma la America nalo linakana kuwalandira m'sukulu zake za usilikali za West Point ndi Annapolis. Mu 1881 onse anaitanidwa kuti abwerere, ambiri asanamalize maphunziro. Ngakhale zinali choncho, ena mwa iwo anadzatchuka: Zhan Tianyou anatsogolera ntchito yomanga njanji ya pakati pa Beijing ndi Zhangjiakou, yomwe inatha mu 1909, ndipo Tang Shaoyi anakhala nduna yaikulu yoyamba ya boma latsopano mu 1912. Madandaulo a akuluakulu a nthawi imeneyo, akuti mwana wotumizidwa ali wamng'ono amabwerako ali mlendo, amamvekabe m'mabanja mpaka lero.

Dzina lakuti parachute kids linayamba kumveka m'zaka za m'ma 1980, ndipo poyamba linkanena za ana ochokera ku Taiwan ndi Hong Kong. Makolo a ku Taiwan ankathawitsa ana awo mayeso ovuta olowera ku yunivesite komanso lamulo lokakamiza anyamata kulowa usilikali, pamene a ku Hong Kong ankada nkhawa ndi zimene zidzachitike mzindawo ukadzabwezedwa m'manja mwa China mu 1997. Ambiri anakakhala kum'mwera kwa California, ena ndi achibale, ena okhaokha m'nyumba zimene makolo anawagulira. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Min Zhou anasindikiza kafukufuku wa ana amenewa mu 1998.

Ku China kwenikweniko, khomo la maphunziro a kunja linatsegulidwanso mu 1978 mu ulamuliro wa Deng Xiaoping, koma kwa zaka zambiri opita anali akatswiri ndi ophunzira a madigiri apamwamba. Ana a sekondale anayamba kuchuluka chuma cha dzikolo chitakwera m'zaka za m'ma 2000. Mu 2005 ana a ku China m'sukulu za sekondale za ku America sankafika 1,000. Pofika mu 2016 anapitirira 30,000. Lipoti la bungwe la Institute of International Education linapeza kuti m'chaka chimenecho m'sukulu za sekondale za ku America munali ana ochokera kunja pafupifupi 82,000, ndipo pa ana asanu alionse awiri anali a ku China.

Zifukwa zimene makolo amatumizira ana

Chifukwa chimene chimatchulidwa kwambiri ndi gaokao, mayeso olowera ku yunivesite amene kawirikawiri amayamba pa 7 June. Mu 2024 anthu oposa 13 miliyoni analembetsa mayesowa. Malikisi a masiku awiri mpaka anayi amenewo ndiwo amasankha yunivesite imene mwana angapite, ndipo malo ku mayunivesite otchuka monga Tsinghua ndi Peking ndi ochepa kwambiri. Pokonzekera, ana ambiri amakhala pa mabuku kuyambira m'mamawa mpaka usiku kwa zaka zitatu. Asanafike pamenepo amayenera kudutsa zhongkao, mayeso a kumapeto kwa zaka 9 za maphunziro okakamiza. Amene sanachite bwino amatumizidwa ku sukulu za ntchito zamanja, zomwe mabanja ambiri a m'mizinda amaziona ngati kutsekeredwa njira. Motero pali magulu awiri osiyana a ana opita kunja: ena ndi anzeru kwambiri amene akufuna mayunivesite apamwamba a dziko lonse, ena ndi amene makolo aona kuti sangapambane pa mpikisano wa kwawo. Sukulu zolandira ana nthawi zambiri zimaphatikiza magulu awiriwa ngati kuti ndi amodzi.

Palinso nkhani ya hukou, kaundula wa boma amene amalemba munthu aliyense ku dera la kwawo. Kwa nthawi yaitali mwana ankayenera kukalembera gaokao m'chigawo chimene hukou yake ili, ngakhale atabadwira ndi kukulira kwina. Zigawo zambiri zinafewetsa lamuloli, koma Beijing ndi Shanghai zikadali zokhwima. Banja la bizinesi limene lakhala mu Beijing zaka zambiri popanda hukou ya mumzindawo limatha kuona kuti kutumiza mwana ku Toronto n'kwapafupi kusiyana ndi kumubweza kumudzi kumene sanakhaleko.

Lamulo la mwana mmodzi pa banja, lomwe linagwira ntchito kuyambira cha mu 1980 mpaka kumapeto kwa 2015, linathandiziranso. Ndalama za makolo awiri, nthawi zina ndi za agogo anayi, zinkathera pa mwana mmodzi. Makolo enanso amakhulupirira kuti mwana amene wachita sekondale kunja amalankhula Chingerezi bwino, amakhala ndi makalata omuchitira umboni ochokera kwa aphunzitsi a komweko, ndipo mwayi wake wolandiridwa ku yunivesite umakula. Ena amatchula mpweya woipa wa m'mizinda ikuluikulu, ndipo ena amaona maphunziro a mwana ngati chiyambi cha ulendo wosamutsa banja lonse.

Malamulo a maiko olandira ana

Ku America, lamulo la 1996 limalola mwana wa visa ya F-1 kuphunzira pa sekondale ya boma kwa miyezi 12 yokha, ndipo ayenera kulipira mtengo wonse wa maphunziro ake. Ichi n'chifukwa chake ana ambiri a ku China amapezeka m'sukulu zomwe si za boma. Zochepa mwa izo ndi sukulu zakale zogonera komweko, zimene fizi yake imapitirira madola 60,000 pa chaka ndipo kulowako n'kovuta. Zambiri ndi sukulu zoyendera, ndipo zochuluka ndi za mipingo, za Katolika ndi za mipingo ina. Kwa sukulu zina zing'onozing'ono zimene ana a m'deralo anali atachepa, fizi ya ana ochokera kunja ndiyo inkathandiza kuti zisatsekedwe. Mwana wokulira m'banja losapemphera amatha kupezeka akulemba mayeso a Baibulo ndi kupita ku mapemphero a sukulu, zimene makolo ake sanazimvetse bwino posankha sukuluyo.

Ku Britain visa ya ana imaperekedwa kwa a zaka 4 mpaka 17, ndipo ndi ya sukulu zolipira zokha. Sukulu zogonera zimafuna kuti mwana akhale ndi munthu wamkulu womuyang'anira m'dzikomo, makamaka pa tchuthi chachifupi chapakati pa teremu pamene nyumba zogona zimatsekedwa. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi makampani, ndipo ena mwa iwo amaunikidwa ndi bungwe la AEGIS. Kuyambira pa 1 January 2025 fizi ya sukulu zimenezi inayamba kulipiridwa msonkho wa VAT wa 20 peresenti. Ku Canada sukulu za boma, monga za ku Vancouver ndi Toronto, zimalandira ana akunja olipira, bola pakhale chikalata chosonyeza munthu wamkulu amene wavomera kusamalira mwanayo. Ku Australia mwana wosakwana zaka 18 ayenera kukhala ndi kholo, wachibale wovomerezeka, kapena malo amene sukulu yavomereza, ndipo pali visa yapadera ya kholo loperekeza. Ku Singapore kuli amayi ambiri otchedwa peidu mama, amene anasiya ntchito ndi amuna awo ku China kuti akakhale ndi mwana.

Mabanja ambiri amadutsira kwa ma ejenti, makampani amene amasankha sukulu, kulemba mafomu ndi kukonzekeretsa mwana mayeso a TOEFL, IELTS kapena SSAT. Ejenti wina amalandira ndalama kuchokera ku banja komanso kuchokera ku sukulu imene watumizako mwana, motero malangizo ake sakhala oyera nthawi zonse. Chifukwa cha madandaulo a zikalata zokokomeza ndi nkhani zolembedwa ndi anthu ena, sukulu zambiri za ku America zinayamba kufuna kuti mwana afunsidwe mafunso pa vidiyo asanalandiridwe.

Mavuto amene anawa amakumana nawo

Vuto loyamba ndi chilankhulo. Malikisi abwino a TOEFL sakutanthauza kuti mwana angatsatire mkangano wa m'kalasi ya mbiri kapena kumva nthabwala za anzake. Ambiri amachita bwino pa masamu ndi sayansi, koma amavutika pa maphunziro ofuna kuwerenga mabuku ataliatali ndi kulemba maganizo awoawo. Mphunzitsi amene amapereka malikisi potengera kulankhula m'kalasi amatha kuona mwana wachete ngati waulesi, pamene kwawo kukhala chete pamaso pa mphunzitsi ndi ulemu. Malamulo oletsa kukopera mawu a ena popanda kutchula mwiniwake amakhalanso achilendo kwa ena, ndipo chilango chake chimatha kukhala kuchotsedwa sukulu. Mwana wa visa akachotsedwa sukulu amatayanso chilolezo chokhalira m'dzikomo ngati sanapeze sukulu ina msanga.

Malo okhala ndiwo amabweretsa madandaulo ambiri. Mwana wa sukulu yoyendera amakhala m'banja la eni dziko limene limalipidwa mwezi ndi mwezi. Mabanja ena amamutenga ngati mwana wawo, kumuphunzitsa kuphika ndi kupita naye kokacheza. Ena amangoona ngati abwereketsa chipinda. Mikangano imayamba pa zinthu zazing'ono: chakudya chozizira cha masana kwa mwana wozolowera chakudya chotentha katatu pa tsiku, kutalika kwa nthawi yosamba, ntchito za pakhomo kwa mwana amene kwawo ntchito yake inali kuwerenga kokha, ndi foni yolira usiku chifukwa ku China kwacha. Pakati pa New York ndi Beijing pali kusiyana kwa maola 12 m'chilimwe ndi 13 m'nyengo yozizira. M'madera ambiri a kunja kwa mizinda ya America mulibe mabasi, ndipo mwana wochokera ku Shanghai, kumene ankayenda yekha pa sitima ya pansi, amadalira eni nyumba kuti apite kulikonse. Boma la America lili ndi malamulo ounika mabanja olandira ana a visa ya J-1, obwera kwa chaka chimodzi mosinthana, koma lilibe malamulo ofanana nawo a ana a F-1. Udindowo umatsala m'manja mwa sukulu ndi makampani, ndipo apa ndi pamene ana ena amagwera poti palibe amene akuwayang'anira kwenikweni.

Pa sukulu imene ana a ku China ndi ambiri, iwo amadya pamodzi, kukhala pamodzi ndi kulankhulana pa WeChat. Aphunzitsi amadandaula kuti anawo sakusakanikirana ndi anzawo, koma gulu limeneli ndilo lokhalo limene mwana angalankhule nalo momasuka atatopa ndi Chingerezi tsiku lonse. Kuipa kwake n'kwakuti mwana akayambana ndi gululo amatsala yekhayekha. Filimu ya zochitika zenizeni yotchedwa Maineland, imene Miao Wang anatulutsa mu 2017, inatsatira mtsikana ndi mnyamata a ku China pa sukulu ya Fryeburg Academy ku Maine kwa zaka zingapo, ndipo imaonetsa bwino moyo wa pakati pa magulu awiri umenewu.

Nkhawa ndi kuvutika maganizo zimabisika kwambiri. Achitchaina ali ndi mawu akuti bao xi bu bao you, onena za chizolowezi chouza makolo nkhani zabwino zokhazokha n'kubisa zowawa. Mwana amene akudziwa kuti makolo anagulitsa nyumba kapena kutha ndalama zimene anasunga sangayerekeze kunena kuti walephera mayeso kapena akufuna kubwerera. Aphungu a pa sukulu nthawi zambiri salankhula Chitchaina, ndipo m'mabanja ambiri matenda a maganizo amaonedwa ngati chinthu chochititsa manyazi. Kafukufuku amene anachitika pakati pa ophunzira 130 a ku China pa yunivesite ya Yale, wosindikizidwa mu 2013, anapeza kuti 45 peresenti anali ndi zizindikiro za kukhumudwa ndipo 29 peresenti anali ndi zizindikiro za nkhawa. Amenewa anali akuluakulu a pa yunivesite, ndipo chiwerengero chawo chinali chochepa, koma kafukufukuyu amatchulidwa kawirikawiri pokambirana za ana aang'ono, amene ali ndi njira zochepa zopezera thandizo.

Nkhani imene inagwedeza makolo ambiri inachitika ku Rowland Heights, ku California, mu March 2015. Gulu la ophunzira a ku China linatengera mtsikana mnzawo ku paki, kumene linamumenya, kumuvula, kumutentha ndi ndudu ndi kumumeta tsitsi kwa maola angapo. Mu February 2016 khoti linalamula atatu mwa iwo kukakhala ku ndende zaka 13, 10 ndi 6. Onse anali kukhala kutali ndi makolo awo. Nkhaniyi inafalitsidwa kwambiri ku China, ndipo inachititsa anthu kufunsa ngati mwana wa zaka 15 ayenera kupatsidwa ndalama zambiri, galimoto ndi ufulu wonse popanda munthu wamkulu womudzudzula. Komabe milandu yotere ndi yosowa, ndipo ana ambiri amakhala ochitiridwa zoipa kusiyana ndi ochita.

Chitsanzo chake ndi chinyengo cha kubedwa kwabodza. Akuba amaimbira mwana foni m'Chitchaina, akudzitcha apolisi kapena ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe. Amamuuza kuti dzina lake lapezeka pa mlandu ndipo banja lake lili pangozi, kenako amamulamula kuti athimitse foni, akabisale, ndi kudzijambula ngati wamangidwa. Zithunzizo amazitumiza kwa makolo ku China pofuna dipo. Mu July 2020 apolisi a ku New South Wales, ku Australia, ananena kuti m'chaka chimenecho analandira milandu 8 yotere, ndipo mabanja anali atalipira madola a ku Australia oposa 3 miliyoni. Kumapeto kwa December 2023 apolisi a ku Utah anapeza mnyamata wa zaka 17 ali yekha mu tenti m'phiri, kunja kukuzizira koopsa, makolo ake atatumiza kale madola pafupifupi 80,000. Chinyengochi chimatheka chifukwa mwanayo amaopa akuluakulu a boma, sadziwa mmene apolisi a m'dzikomo amagwirira ntchito, ndipo makolo ali kutali moti sangathe kutsimikiza chilichonse.

Mliri wa Covid-19

Mliri utafika ku Ulaya ndi ku America mu March 2020, sukulu zogonera zinatsekedwa ndipo mabanja ena osunga ana anakana kupitiriza kuwasunga. Pa 29 March boma la China linayamba lamulo lakuti kampani iliyonse ya ndege iziyenda ulendo umodzi wokha pa sabata pakati pa China ndi dziko lililonse. Matikiti anakwera mtengo kambirimbiri ndipo ankathetsedwa mwadzidzidzi. Kazembe wa China ku Britain pa nthawiyo, Liu Xiaoming, ananena kuti m'dzikomo munali ophunzira aang'ono pafupifupi 15,000, chiwerengero chimene chinadabwitsa anthu ambiri ku China. Mu April boma linakonza ndege zapadera zotenga ana, kuyambira aang'ono kwambiri, makolo akulipira okha. Amene anafika anaikidwa m'mbindikiro kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kenako ankaphunzira pa intaneti pakati pa usiku motsatira nthawi ya sukulu zawo. Amene anatsala anakhala zaka ziwiri kapena zitatu osaona makolo, popeza lamulo la mbindikiro linachotsedwa pa 8 January 2023. Kunja ena ankanyozedwa ngati obweretsa matenda, ndipo pa intaneti ya ku China ena ankadzudzulidwa kuti akubwera kudzafalitsa kachilombo.

Kusintha kwa zaka zaposachedwa

Chiwerengero cha ana opita ku America chinayamba kutsika mliri usanabwere, chitafika pamwamba cha mu 2016 ndi 2017. Kusamvana kwa pakati pa Washington ndi Beijing, mantha a mfuti m'sukulu, nkhani za tsankho kwa anthu a ku Asia ndi kufooka kwa msika wa nyumba ku China zonse zinathandizira. Mu May 2025 nduna ya za kunja ya America, Marco Rubio, inalengeza kuti boma lilanda mavisa a ophunzira ena a ku China. Mawuwo ankakhudza makamaka a ku yunivesite, koma makolo a ana a sekondale amawerengera zaka zisanu ndi ziwiri kapena zisanu ndi zitatu za m'tsogolo, motero nawonso anachita mantha. Unduna wa maphunziro ku China wakhala ukunena kuti sulimbikitsa kutumiza ana aang'ono kunja, ngakhale suletsa.

Mabanja ambiri tsopano amasankha njira yapakati, yoti mwana aphunzire maphunziro a A-level, IB kapena AP ali ku China komweko, n'kudzapita kunja atakwanitsa zaka 18. Sukulu za ku Britain zinatsegula nthambi m'mizinda ya China: Dulwich ku Shanghai mu 2003, Harrow ku Beijing mu 2005 ndi Wellington ku Tianjin mu 2011. Nthambi zoyambazi zinali za ana a ziphaso za maiko ena, koma pambuyo pake kunabwera sukulu za zilankhulo ziwiri zolandira ana a ku China. Malamulo a mu 2021 analetsa sukulu zolipira kugwiritsa ntchito mabuku akunja m'zaka 9 za maphunziro okakamiza, koma m'zaka zitatu zomaliza za sekondale maphunziro akunja akuloledwabe.

Kwa mwana amene wachoka ali ndi zaka 14 kapena 15, kubwerera m'mbuyo n'kovuta. Akakhala chaka chimodzi kapena ziwiri kunja sangathenso kupikisana pa gaokao ndi anzake amene akhala akukonzekera tsiku lililonse, motero ngakhale zinthu zitavuta amangosamutsidwira ku sukulu ina kapena dziko lina. Amene amamaliza yunivesite n'kubwerera kwawo amatchedwa haigui, mawu amene amamveka chimodzimodzi ndi dzina la kamba wa m'nyanja. Popeza obwerera achuluka ndipo digiri ya kunja siikusowanso ngati kale, kunabadwa dzina lina lonyoza lakuti haidai, lomveka ngati ndere za m'nyanja, lonena za wobwerera amene akudikirabe ntchito. Amene anachoka ali aang'ono amakumananso ndi vuto lawolawo: amalankhula Chitchaina bwinobwino, koma kulemba kwawo kunaima pa msinkhu umene anachokera, ndipo alibe anzawo a ku sekondale ndi ku yunivesite a m'dzikomo amene anthu ambiri amadalira pofunafuna ntchito.